Ukuyankhula ndi Yani, Mwanawe?

M'nyengo yachisanu yapitayi ndinakhala tsiku lathunthu pa benchi m'holo ya sukulu ina kuno ku Chipata, kuonerera mpikisano wa zisudzo wa ana a sekondale. Chakumasana kunalowa mtsikana wa zaka ngati 14, atamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, kumbuyo atabereka chidole. Anaima pakati pa siteji, natambasula manja, n'kuyamba kukuwa m'Chingerezi za kuipa kwa maukwati a ana. Mawu onse anali pamtima, sanaphonye ngakhale limodzi. Pofika pakati anagwada, kumapeto anadzigwetsa pansi n'kulira mokweza. Holo yonse inaomba m'manja, nanenso ndinaomba. Koma mukanandifunsa pomwepo kuti munthu amene mwanayu amasewerayo anali yani, anali kuti, ndipo amauza yani mawu onsewo, ndikanangokuyang'anani.

Pa nthawi yopuma ndinamupeza mwana yemweyo kuseri kwa holo, akufotokozera anzake atatu mmene wa njinga zonyamula anthu anamutsitsira pa geti lolakwika m'mawa uja, nafunabe ndalama zonse. Anatulutsa mawu a bamboyo, okhuthala ndi aulesi. Anatulutsa akeake, aulemu poyamba, kenaka owawa. Anakhala chete pang'ono, kusonyeza mmene bamboyo amawerengera makobidi m'dzanja, ndipo anzakewo anadikira naye, pakamwa pali yasa. Ine ndinaima chapatali kumvetsera mpaka nkhani inatha. Sewero labwino koposa la tsikulo linachitikira kuseri kwa holo, popanda woweruza ngakhale mmodzi.

Cholakwa sichili mwa ana. Chili pa zimene ife akulu timawaphunzitsa kuti ndizo kusewera wekha pa bwalo. Mwana wongoyamba kumene, wa giredi 8 kapena fomu 1 monga tikutchulira tsopano, akalowa kalabu ya zisudzo amapatsidwa pepala, nauzidwa kuti aloweze, akweze mawu, ndipo aonetse kukhudzidwa. Zitatuzi ndizo maphunziro onse. Zotsatira zake tazionera kwa zaka zambiri: manja otambasula, mawu okwera ndi kutsika pa nyimbo imodzimodzi yomwe timamva polakatula ndakatulo pa asembule, misozi yoitanitsa, ndi kugwa pansi pomaliza. Mwana akatero timati ali ndi luso. Kunena zoona, wangophunzira kuimba ng'oma mokweza, ndipo akuluakulu anatiuza kale zimene zimaichitikira ng'oma yoliritsa.

Vuto likuyambira pa dzina. M'maphunziro a zolembalemba gawo limene mtengambali amayankhula yekha kwa nthawi yaitali timalitcha kudziyankhulira. Dzinali limanyenga mphunzitsi ndi wophunzira yemwe. Kwathu kuno munthu woyankhula yekha pamsewu timamuthawa. Komabe moyo wathu ndi wodzaza ndi anthu oyankhula nthawi yaitali popanda wowayankha, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene amadziyankhulira. Azakhali olira pa maliro amayankhula ndi malemuyo, kumufunsa kuti anawa wawasiyira yani. Nkhoswe pa mlandu wa banja imayankhula ndi akuchimuna, ndipo ikufuna kuti avomere kulakwa. Wothira nsembe amayankhula ndi makolo. Wotamanda mfumu pa Nc'wala ku Mtenguleni saponya mawu m'mwamba chabe, amawalunjika kwa Nkosi ya Makosi Mpezeni, khamu lonse n'kumamvera nawo. Mayi wa mu msika wa Kapata amene wagwira foni kukhutu, kukalipira wa ngongole yemwe ife sitikumuona, tingathe kumumvera mphindi zisanu osatopa. Onsewa ali ndi munthu amene akuyankhula naye, ndipo ali ndi chimene akufuna kwa munthuyo. Mtsikana wa pa siteji uja analibe ziwirizi. Mtsikana wa kuseri kwa holo anali nazo zonse.

Chomvetsa chisoni n'chakuti katswiri wa luso limeneli tinali naye m'chiyankhulo chathu chomwe, ndipo ana ambiri a m'makalabu a zisudzo sanamvepo dzina lake. Julius Chongo, kudzera m'pologalamu ya Poceza M'madzulo pa wailesi ya dziko la Zambia, anakhazika mabanja pansi kuzungulira wailesi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ali yekhayekha kutsogolo kwa maikolofoni. Wofotokoza nkhani anali iye, Kalulu anali iye, Fisi anali iye, nkhalamba ya kumudzi ndi mnyamata wa m'tauni anali iye yemweyo. Ernst Wendland analemba kafukufuku wake wa digiri yaukadaulo pa nthano za Chongo mu 1979, ndipo mu 2004 nthambi yosindikiza mabuku ya University of Zambia inatulutsa buku la ena mwa masewero a pa wailesiwo pamodzi ndi kumasulira kwake m'Chingerezi. Choncho sitinganene kuti zonse zinapita ndi mphepo. Zilipo, zangosowa wozitengera m'kalasi.

Anthu akakumbukira Chongo amathamangira kutchula kusintha mawu, ngati kuti ukatswiri wake unali wotsanzira basi. Ine ndikuona kuti kusintha mawu kunali chipatso, muzu unali kwina. Wampangankhani aliyense wa Chongo akatsegula pakamwa amakhala akufuna kanthu: kunyenga mnzake, kupempha, kudzitchinjiriza, kubisa mantha. Mawu amasintha chifukwa chofunacho chasintha. Wonyengerera amafewetsa lilime, wogwidwa bodza amathamangitsa mawu, wodzikuza amawakoka. Chachiwiri, Chongo ankaona zimene akunena asanazinene. Mvekero wake, mawu aja amene Chinyanja chimajambulira nawo kagwedwe, kayendedwe ndi kakhalidwe ka chinthu, sunali chokometsera chongowaza pamwamba. Munthu sunganene kuti chinthu chinagwa kuti khu kapena kuti phwata usanasankhe m'maganizo mwako ngati chinali cholimba kapena chofewa. Mvekero umakakamiza wonena kuona, ndipo iye akaona, womvera amaonanso. Chachitatu, ankadziwa kuti womvera alipo. Luso lake linachokera ku nthano za pamoto, kumene wofotokoza sapitiriza asanamve ana akuti tili tonse. Pa wailesi panalibe womuyankha, komabe ankasiya mpata woti womvera apume, aseke, adabwe.

Sindikunena kuti ana azitsanzira Chongo. Pali malire awiri amene mphunzitsi ayenera kuwadziwa. Loyamba, wailesi imabisa thupi. Chongo sangaphunzitse mwana poika manja ake kapena poyang'ana maso ake. Lachiwiri, iye anali wofotokoza nthano wonyamula anthu ambiri m'kamwa limodzi, pamene wophunzira woyamba afunika ayambe wadziwa kukhala munthu mmodzi kwa mphindi ziwiri. Mwana wothamangira mawu asanu amathera pa zoseketsa zomwe tonse tatopa nazo: woledzera wodzandira, gogo wonjenjemera, wapolisi wa Chingerezi chothyoka. Chimene tingatenge kwa Chongo si kamvekedwe ka mawu ake koma mwambo wake wa ntchito, woti funa kanthu, ona chimene ukunena, ndipo kumbuka amene akukumvera.

Nanga mphunzitsi ayambe bwanji? Ndikanakhala ine, sabata ziwiri zoyamba sindikanapereka pepala lililonse. Mwana aliyense abwere ndi nkhani yoona ya mphindi imodzi, aifotokozere mnzake mmodzi atakhala naye maso ndi maso. Kenaka womverayo achoke, pakhale mpando wopanda munthu, ndipo wofotokozayo anene nkhani yomweyo kwa mpandowo osasintha kalikonse. Ambiri pamenepa amayamba kulalikira. Mphunzitsi amuimitse ndi funso limodzi lokha: ukuyankhula ndi yani, mwanawe? Mnzake uja abwererenso pa mpando, ayambirenso, mpaka tsiku limene mpando wopanda munthu udzaleke kukhala wopanda munthu. Njira ina yosavuta ndi ya foni. Mwana aliyense wa masiku ano amadziwa kuyankhula ndi munthu wosaoneka, kudikira yankho lake, kumudula pakamwa. Apatseni chigoba cha foni, muone mmene amakhalira chete mwachibadwa pomvera mawu amene kulibe.

Pepala likabwera, libwere ndi mafunso anayi amene mwana ayankhe ndi pensulo m'mphepete: ndine yani, ndili pati, ndikuyankhula ndi yani, ndikufuna andichitire chiyani. Mafunso otere si achilendo kwa odziwa zisudzo. Konstantin Stanislavski, wa ku Moscow Art Theatre yomwe inakhazikitsidwa mu 1898, anamanga kaphunzitsidwe kake pa mfundo yoti wosewera asafunefune kukhudzidwa koma atsate cholinga cha munthu amene akumusewera, kukhudzidwako kudzabwera kokha. Koma nkhoswe ya kwa Kapatamoyo imadziwa zomwezo isanamvepo za Moscow. Ndionjezepo funso lachisanu: chachitika n'chiyani mphindi imodzi ndisanatsegule pakamwa? Ana athu amayamba sewero ngati wailesi yongoyatsidwa, pamene munthu weniweni amayamba kuyankhula chifukwa china chake chamukankha.

Tiyeni titenge mutu womwewo wa ukwati wa ana, umene ndi wofunikadi, poti ngakhale lamulo la dziko lino kuyambira mu 2023 likuletsa ukwati uliwonse wa munthu wosafika zaka 18, wa mwambo womwe. M'malo mouza holo yonse kuti mchitidwewu ndi woipa, mtsikana ayankhule ndi amayi ake amene akuswa nshawa pakhonde osadzutsa mutu. Anene motere: "Amama, anthu anabwera dzulo aja ndani? Iyayi, ndangofunsa chabe. Mayeso tiyamba Lolemba. Aphunzitsi akuti ndikapitiriza chonchi, masamu ndikhoza. Bwerani nazo kuno nshawazo ndikuthandizeni. Amama, mbuzi ziwiri zachilendo zili m'kholazo n'za yani?" Mulibe mawu akuti ukwati, mulibe kukuwa, mulibe kugwa. Koma mwana amene akudziwa kuti akufuna amayi ake adzutse mutu n'kumuuza kuti si zoona, adzapeza yekha pokhala chete, ndipo holo idzazizira. Uthenga sunatayike. Wangolowera pakhomo, m'malo mogwetsa chipupa.

Apa m'pamene masewero athu a pasukulu anasocherera. Kwa zaka zambiri zisudzo zakhala chida cha makampeni a zaumoyo ndi chitukuko, ndipo zathandiza, sitingakane. Koma ana atengerapo chizolowezi choti wosewera ndi chikwangwani choyenda. Akauzidwa kusankha gawo loti asewere, amasankha la mayi wamasiye wa zaka 50 kapena la mtsogoleri wa dziko, chifukwa m'menemo ndimo muli mawu akuluakulu. Woyamba apatsidwe munthu wa msinkhu wake, wofuna chinthu chooneka chaching'ono: kupempha amalume ndalama ya mayeso kachitatu, kuuza mnzake kuti sadzabwereranso teremu ya mawa, kufotokozera atate kumene njinga yapita. Gawolo lisapitirire mphindi ziwiri, ndipo munthuyo asathere pamene anayambira. Ngati anayamba ndi kunyengerera, athere pa kuopseza kapena pa kugonja. Popanda kusintha koteroko palibe sewero, pali chilengezo.

Tsopano za mayeso osankhira atengambali, amene ana amangoti odishoni. Ena adzati n'zosafunika kwa mwana wa ku Chipata, poti Lusaka ali pa mtunda wa makilomita oposa 550. Koma kusankhidwa kumayambira m'kalabu momwemo, ndipo masiku ano opanga mafilimu ndi masewero a pa kanema amatha kulandira kavidiyo kojambulidwa pa foni. Pali chinthu china chimene aphunzitsi sakonda kuchitchula. Mwana woleredwa bwino kwathu kuno sayang'ana wamkulu m'maso, satchula dzina lake mokweza, amapinda mawondo n'kuyankhula chapansipansi. Akalowa m'chipinda momwe mwakhala akulu atatu kuseri kwa tebulo, ulemu womwewo umamuchititsa kuoneka ngati wamantha. Si bwino kumuuza kuti ataye ulemuwo. Aphunzitsidwe kuti kulowa m'chipindacho ndi kasewero kenanso kokhala ndi malamulo ake: alowe osathamanga, apereke moni monga mwa mwambo, aime chilili, anene dzina lake ndi la gawo limene achite momveka, apume kamodzi, ndiyeno ayambe. Munthu wosaoneka amene akuyankhula nayeyo amuike chapambali pang'ono pa oweruza, osati pa nkhope zawo, pakuti woweruza akasandutsidwa mayi kapena mdani wa m'sewero amasowa mtendere wolembera. Akamaliza akhale chete kamphindi, athokoze, atuluke. Akaphonya mawu asapepese, asayambirenso, apitirire. Zonsezi ziyesezedwe m'kalasi, ana atatu atakhala kuseri kwa desiki ngati oweruza, chifukwa amene wakhalapo pa mpando woweruza amaleka kuuopa.

Mayeso enieni amabwera wosankhayo akati, wachita bwino, tsopano bwerezanso koma ngati kuti amayi akowo akudwala ndipo sufuna kuwadzutsa. Mwana woloweza nyimbo ya mawu amabwereza chimodzimodzi, mwina motsitsa pang'ono. Mwana wodziwa amene akuyankhula naye amasintha zonse, chifukwa munthu wa pa mpando uja wasintha. Wosankha amafuna kudziwa ngati mwanayu amamva, ndipo kumva sikulowezedwa. Taonani filimu ya Rungano Nyoni ya mu 2017, I Am Not a Witch, imene inapata mphoto ya BAFTA mu 2018. Maggie Mulubwa, amene anasewera Shula, anali mwana woti sanachitepo filimu, ndipo m'filimu yonseyo amayankhula mawu owerengeka. Chimene chimagwira woonera ndi kayang'anidwe kake ndi kamvedwe kake. Mwa kaweruzidwe kathu ka m'maholo, mwana wotereyu sakanadutsa ngakhale gawo loyamba.

Mphunzitsi woona aonjezepo phunziro lina losakoma. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayenda zilengezo zoitana achinyamata ku maodishoni, ndipo si zonse zili zoona. Mwana adziwe kuti kumene akuyamba ndi kufuna ndalama n'kokayikitsa, kuti sapita yekha popanda wamkulu, kuti salowa m'chipinda chogona alendo poti akuti ndiko kuli mayeso, ndiponso kuti ali ndi ufulu wokana chilichonse chomuvula ulemu. Kuphunzitsa mtsikana kulakalaka kanema osamuphunzitsa izi n'kumutuma kumadzi usiku opanda nyali.

Latsala funso la chiyankhulo. Aphunzitsi ambiri amati mwana asewere m'Chingerezi kuti chimuthandize pa mayeso, monga mmene mpikisano wa ATEM ku Malawi unayambira ndi cholinga chokweza Chingerezi m'masukulu. Cholingacho n'chabwino, koma tisasokoneze ntchito ziwiri. Woyamba kuphunzira njinga sumusenzetsa thumba la chimanga tsiku lomwelo. Mwana amene akulimbana ndi katchulidwe alibe mpata womvera munthu wa pa mpando. Ayambe m'chiyankhulo chimene amakwiyira ndi kupempherera, luso likakhazikika alitengere ku Chingerezi. Mkangano umenewu si watsopano. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1970, ophunzira ndi aphunzitsi a pa University of Zambia, mmodzi mwa iwo Michael Etherton, anamanga bwalo la Chikwakwa, dzina lotengedwa ku chida chathu chotchetchera udzu, ndipo anayenda m'zigawo kusewera m'ziyankhulo za anthu, potsutsa zisudzo za m'makalabu a azungu zimene zinkayeza wosewera ndi Chingerezi cha ku London. Anthu ngati Kabwe Kasoma, Mapopa Mtonga ndi Stephen Chifunyise anadutsa m'nyengo imeneyo. Papita zaka zoposa 50, koma udzu umene Chikwakwa anatchetcha waphukanso m'maholo athu.

Ndipo amene akuganiza kuti Chinyanja sichingamufikitse mwana patali akumbukire filimu ya Chiwetel Ejiofor ya mu 2019, The Boy Who Harnessed the Wind, yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu. Mbali yaikulu ya filimuyo ili m'Chichewa, koma amene anasewera William anali Maxwell Simba wa ku Kenya, ndipo eni chiyankhulo ambiri anadandaula ndi kamvekedwe ka Chichewa cha ena mwa osewerawo. Sindikunyoza mnyamatayo, anagwira ntchito yake bwino. Ndikungoti tsiku limene mwayi wotere udzagogodenso, kudzafunika mwana wodziwa kuima pamaso pa kamera n'kukhala munthu weniweni m'chiyankhulo chake. Mwana ameneyo sapangidwa sabata imodzi.

Ndikudziwa zimene aphunzitsi adzandiyankhe. Kalabu imakumana kamodzi pa sabata ana atatopa kale, mphunzitsi wake ndi wa phunziro lina amene anangopatsidwa udindowu, mabuku a masewero kulibe, holo ilibe maikolofoni ndipo mwana wosakuwa samveka kumbuyo. Zonsezi n'zoona. Koma kumveka ndi kukuwa n'zosiyana. Kumveka kumachokera ku mpweya wa m'mimba ndi kumaliza mawu bwinobwino, ndipo kumaphunzitsidwa pa bwalo la mpira popanda kulipira ngwee. Za mabuku, ana alembe okha zimene amva kunyumba ndi kumsika, mphunzitsi awathandize kudula. Chodandaula chimene ndikuchivomera kwathunthu n'chakuti mphunzitsi amaphunzitsa zimene zimapambana. Malinga ngati oweruza akupereka chikho kwa wogwa pansi mwamphamvu, ana adzapitiriza kugwa. Choncho mawu anga otsiriza akupita kwa inu okhala kuseri kwa tebulo. Pa pepala lanu la malikisi ikanipo mzere wofunsa ngati mwanayu anatidziwitsa amene amayankhula naye, ndi ngati munthuyo anamusintha. Mukatero chaka chimodzi chokha, makalabu adzamva okha popanda kalata.

Mtsikana uja anapata malo achiwiri tsiku lija, ndipo anapita kwawo wokondwa, chidole chili m'manja. Sindinamuuze zimene ndinaona kuseri kwa holo, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu. Iye akukhulupirira kuti luso lake ndi lija anaomberedwa m'manja, ndipo chaka cha mawa adzakuwa koposa. Palibe amene wamuuza kuti wa njinga uja, amene anamuimika pamaso pa anzake atatu ndi mawu ochepa ndi dzanja lowerenga makobidi, ndiye anali munthu woyamba kumusewera bwino.